Ana Anga, Musathawe Maliro a Lachisanu Loyera

Ana anga a ku Limbe, a ku Bangwe, a ku Kanjedza, a ku Ndirande, a ku Chilomoni, a ku Zingwangwa ndi a ku Machinjiri, takhalani pansi pang'ono ndikuuzeni zakukhosi. Pasaka wayandikira. Ndikumva kale mmene mukupanganirana. Ena akusonkherana ya minibasi yopita kunyanja ku Mangochi. Ena akufunsana kumene kudzakhale gule wa usiku wonse. Ena angoti apeza masiku anayi ogona ndi kuonera mpira. Kupuma sikulakwa ayi. Koma mtima wanga ukuwawa chifukwa m'mapangano anu onsewa simukutchulamo chimene tsiku loyamba la masiku anayiwo linaikidwira. Limenelo ndi Lachisanu Loyera, tsiku la maliro. Maofesi, mabanki ndi masukulu amatsekedwa kuti anthu apeze mpata wokalira Mbuye wawo. Mukalisandutsa tsiku la zisangalalo, mwataya chinthu chimene makolo anu anachisunga movutikira, ndipo tsiku lina mudzachifuna.

Mwambo wa maliro mumaudziwa. Pakagwa zovuta m'dera mwathu, anyamata amaika masamba pamsewu. Wa njinga amatsika. Wa galimoto amachepetsa liwiro. Wa chipewa amavula. Wailesi imazimitsidwa. Amayi amamanga zitenje n'kulowa m'nyumba ya siwa, abambo amachezera panja pamoto mpaka kucha. Palibe amene amayamba wafunsa ngati womwalirayo anali mbale wake. Maliro n'kulirana. Tsono tandiuzani. Ngati mumapereka ulemu wotere kwa munthu amene simunadyepo naye nsima, mukumana bwanji ulemu womwewo Yesu, amene munabatizidwa m'dzina lake, amene mumamuitana usiku mayeso akayandikira kapena mwana akatentha thupi? Lachisanu Loyera ndi maliro a m'banja mwanu. Anamfedwa ndinu. Namfedwa sathawa siwa.

Dziwani kumene tsikuli linachokera, chifukwa munthu sasamala chinthu chimene sadziwa mtengo wake. Imfa imene timalirayi si nthano ya padangokhala. Inachitika mumzinda wa Yerusalemu, pa nthawi ya chikondwerero cha Paska cha Ayuda, Pontiyo Pilato ali bwanamkubwa wa Aroma ku Yudeya. Pilato analamulira dzikolo kuyambira m'chaka cha 26 mpaka 36, ndipo odziwa mbiri yakale amaika imfa ya Yesu m'chaka cha 30 kapena cha 33. Masiku amenewo mtanda sunali chovala m'khosi. Unali chilango cha akapolo ndi oukira boma, imfa yochititsa manyazi kotero kuti nzika ya Roma sinkayenera kuphedwa nayo. Munthu ankamukwapula, kumuvula, n'kumupachika m'mbali mwa njira kuti odutsa aone ndi kuchita mantha. Marko akutiuza kuti Yesu anamupachika 9 koloko m'mawa, kuti mdima unagwa 12 koloko masana, ndi kuti anatsirizika cha m'ma 3 koloko. Madzulo omwewo Yosefe wa ku Arimateya anakapempha mtembo kwa Pilato, nauika m'manda msangamsanga Sabata lisanayambe. Sungani maola amenewa pamtima, pakuti mapemphero onse a tsikuli amatsata iwowo.

Kulira kumeneku sikunayambe dzulo, ndipo sikunayambitsidwe ndi amishoni amene anabwera kuno. Cha m'ma 190, Irenaeus, episkopi wa ku Lyon, analembera Victor, episkopi wa ku Roma, kumufotokozera kuti Pasaka asanafike Akhristu ena ankasala kudya tsiku limodzi, ena awiri, ena kupitirira apo, ndi kuti mwambowo anachita kuupeza kwa amene anawatsogolera. Pa nthawi yomweyo kuno ku Africa, mumzinda wa Carthage m'dziko limene lero ndi Tunisia, Tertullian analemba za Akhristu osala kudya pa masiku amene Mkwati anachotsedwa pakati pawo. Kumbukirani kuti amenewa anali anthu ozunzidwa. Analibe tsiku lopuma lochokera kuboma. Ankasala ali kuntchito, ena ali akapolo m'nyumba za mabwana awo. Inu mwapatsidwa tsiku lathunthu kwaulere. Musaliwononge.

M'chaka cha 325 maepiskopi anasonkhana ku Nicaea nagwirizana kuti Akhristu onse azichita Pasaka pa tsiku limodzi. Lamulo limene mipingo yathu imatsata ndi lakuti Pasaka amagwa pa Lamulungu loyamba mwezi ukakhala wathunthu kuyambira pa 21 Marichi. N'chifukwa chake Lachisanu Loyera silikhala pa deti limodzi. Limayendayenda pakati pa 20 Marichi ndi 23 Epulo, nthawi imene kuno mvula ikutsazika, mondokwa ndi maungu zitayamba kupezeka pamsika wa Limbe. Yang'anani kalendala chaka chikangoyamba. Lembani tsikulo musanalembe za ukwati, za mpira kapena za ulendo.

Ndikufuna mudziwenso mayi wina dzina lake Egeria. Anachokera kumadzulo kwa Ulaya napita ku Yerusalemu cha m'ma 381 mpaka 384, ndipo analembera alongo ake a m'chikhulupiriro zonse zimene anaona. Pa nthawiyo tchalitchi chachikulu chimene mfumu Constantine anamangitsa pamalo a Gologota ndi manda chinali chitatsegulidwa kale m'chaka cha 335. Egeria akusimba kuti m'mawa wa Lachisanu episkopi ankakhala pampando, patsogolo pake pali tebulo loyalidwa nsalu, ndipo pamenepo ankaikapo mtengo umene ankakhulupirira kuti ndi wa mtanda weniweni. Anthu ankadutsa mmodzimmodzi, kuwerama, kuukhudza ndi chipumi ndi maso, n'kuupsompsona. Madikoni ankaimirira mozungulira kuulondera, chifukwa wina anaulumapo kale kachidutswa n'kuthawa nako. Kuyambira 12 koloko mpaka 3 koloko anthu ankaimirira pabwalo kumvetsera masalimo, aneneri, makalata a atumwi ndi Mthenga Wabwino, ndipo akulu ndi ana omwe ankalira misozi yeniyeni. Papita zaka zoposa 1,600. Mukaima pamzere ku Limbe Cathedral, ku CI, ku St Pius kapena ku parishi kwanu kudikira kuti mufike pamtanda, mzere umenewo unayambira kumeneko. Musakhale inu oudula.

Njira ya Mtanda nayonso ili ndi mbiri yake. Amwendamnjira opita ku Yerusalemu ankakonda kuyenda m'njira imene Yesu anadutsa atasenza mtanda, akumaima apa ndi apo kupemphera. Mu 1342 Papa anapereka udindo wosamala malo oyerawo kwa a chipani cha Francis Woyera. Iwowa anaona kuti osauka ambiri sadzakwanitsa ulendo wa ku Yerusalemu, choncho anafalitsa mwambo woika zizindikiro za njirayo m'matchalitchi ndi m'mapiri a kwawo. Mu 1731 Papa Clement XII anakhazikitsa kuti malo oimapo akhale 14, kuyambira pamene Yesu aweruzidwa mpaka pamene aikidwa m'manda. Ambiri mwa malowa ali m'mabuku a Mthenga Wabwino. Ena, monga kugwa katatu ndi Veronika wopukuta nkhope ya Yesu, anachokera m'mwambo wa mapemphero a Akhristu akale. Mvetsani bwino apa. Njira ya Mtanda inapangidwira anthu ngati ife, amene sitidzaona Yerusalemu ndi maso. Ndi mphatso ya amphawi. Ilandireni ndi manja awiri.

Kuno kwathu uthenga wa mtanda unafika ndi anthu oyenda pansi. Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876, ndipo tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, njerwa zake zikuumbidwa ndi kuwotchedwa ndi manja a makolo athu. Ansembe a chipani cha Montfort anafika ku Nzama m'boma la Ntcheu mu 1901, kenako anatsikira kuno kummwera, ku Nguludi ndi madera ozungulira. Lero tchalitchi chachikulu cha arkidayosizi ya Blantyre chili pakati pathu pompano pa Limbe. Agogo anu analibe minibasi kapena kabaza. Ankadzuka kusanache, mwana kumsana, m'mimba mulibe kanthu, kuyenda mitunda kuti akapezeke pa mapemphero a tsiku limeneli. Inu tchalitchi chili kuseri kwa nyumba. Belu mumalimva muli pabedi. Mudzawayankha chiyani?

Tsopano mverani zoyenera kuchita.

Salani kudya. Kwa Akatolika lamulo ndi lomveka: wa zaka 14 kupita m'tsogolo asadye nyama, ndipo wa zaka 18 mpaka 59 adye chakudya chokhuta kamodzi kokha pa tsikulo, kwinako kongogwiriziza pang'ono. Odwala, oyembekezera, oyamwitsa ndi amene ali pa mankhwala ofuna kudya asadzizunze, chifukwa Mulungu safuna kuti mudzivulaze. Koma inu amphamvu musanamizire. Ndipo musachite zochenjera, kusiya nyama n'kukagula chambo chachikulu ndi tchipisi kuti mudye mposa masiku onse. Phikani nsima ndi nkhwani, nyemba kapena usipa. Ndalama imene mukanagulira nyama ndi zakumwa muipereke kwa amene alibe. Kusala kopanda kupatsa ndi kungosunga ndalama chabe. Ambiri mwa anansi anu amasala chaka chonse osafuna. Tsiku limodzi imvani m'mimba mwanu zimene iwo amamva, kuti mtima wanu ufewe.

Mowa usiyeni. Sindikufuna kuchulutsa mawu pamenepa. Chaka ndi chaka apolisi amachenjeza za ngozi za pamsewu pa nyengo ya Pasaka, ndipo chaka ndi chaka pali mayi amene amalandira uthenga woti mwana wake sabweranso. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Musachititse amayi anu maliro awiri sabata imodzi.

Khalani chete. Ichi ndiye chovuta kwambiri kwa inu, ndikudziwa. Makutu anu sapuma. M'minibasi nyimbo, pamsika zimkuzamawu, m'thumba foni, pogona foni. Tchalitchi chimakuphunzitsani ndi chitsanzo. Kuyambira pa Misa ya madzulo a Lachinayi Loyera mabelu amaleka kulira mpaka usiku wa Loweruka. Guwa limavulidwa nsalu, makandulo ndi maluwa. Pa Lachisanu Loyera padziko lonse lapansi sipachitika Misa. Ngati belu la tchalitchi likutha kukhala chete masiku awiri, foni yanu ingathe kukhala chete maola atatu. Izimitseni 12 koloko masana, muiyatse mapemphero akatha. Dziko silithawa. Tengani Baibulo muwerenge Yohane mutu 18 ndi 19, kapena Marko mutu 14 ndi 15, pang'onopang'ono, mokweza, ang'ono anu akumva. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu amene sangathe kukhala yekha ndi mtima wake kwa ola limodzi, mtimawo umadzamudzidzimutsa tsiku la mavuto.

Pitani ku Njira ya Mtanda. Kaya ndi ya m'misewu ya kwanu, kaya mwaganiza zokwera phiri la Michiru kuchokera ku Chilomoni mpaka pa mtanda waukulu uja, pitani ngati opita kumaliro. Valani modzilemekeza. Fikani pa malo oyamba, osati kukadikirira gulu pa malo a khumi pamene pali mthunzi. Pogwada gwadani, ngakhale pali fumbi kapena miyala. Musamayende mukucheza za chibwenzi ndi za timu yanu kumbuyo kwa gulu. Musamakankhane kuti mujambulidwe mutagwira mtanda kenako n'kuthamangira kuika pa WhatsApp ndi pa Facebook. Kodi pa maliro a bambo anu mungaime pambali pa bokosi mukumwetulira kuti anzanu akuoneni? Mabotolo a madzi ndi mapepala musataye m'phiri, bwererani nawo. Mukaona agogo akupuma movutikira pachitunda, agwireni dzanja. Pa malo achisanu mudzamva za Simoni wa ku Kirene, mzinda wa m'dziko limene lero ndi Libya. Anali kuchokera kumunda, asilikali anamugwira namusenzetsa mtanda. Munthu amene anathandiza Yesu pa tsiku limenelo anachokera ku Africa. Ntchito imeneyo ndi yathu kuyambira kale.

Wina asanene kuti watopa. Papa John Paul II, yemwe anafika kuno mu Meyi 1989 nalowa mu Limbe Cathedral, ankatsogolera Njira ya Mtanda ku Colosseum mumzinda wa Roma chaka ndi chaka. Pa Lachisanu Loyera la 2005 anali atadwala kwambiri moti sanathe kupita. Anakhala m'katchalitchi kake kutsatira mapempherowo pa kanema, mtanda ali nawo m'manja. Patangopita masiku 8 anamwalira. Nkhalamba ya zaka 84 sinafune kuphonya. Inu a zaka 20 mukudwala chiyani?

Ikakwana 3 koloko, khalani muli m'tchalitchi. Kale mwambo wa m'tchalitchiwu unkachitika m'mawa, koma mu 1955 Papa Pius XII anaubwezera masana, pa ola limene Ambuye anatsirizika. Penyetsetsani zonse, chifukwa chilichonse chili ndi tanthauzo. Wansembe amalowa mopanda nyimbo, atavala zofiira, n'kugona chafufumimba patsogolo pa guwa. Munthu wamkulu, wophunzira, nkhope pansi. Pamenepo akukuuzani kuti pamaso pa imfa iyi mawu atha. Kenako amawerenga mneneri Yesaya, kalata ya kwa Ahebri, ndi Masautso monga anawalembera Yohane. Ndi aatali. Imirirani, musatuluke kukagula mandasi. Pambuyo pake pamabwera mapemphero aakulu opempherera anthu onse: Mpingo, Papa, ofuna ubatizo, Akhristu a mipingo ina, Ayuda, osakhulupirira Khristu, osakhulupirira Mulungu, olamulira dziko, ndi onse ali m'mavuto. Taonani kukula kwa mtima wa tsikuli. Silisiya munthu kunja. Ndipo mtanda umavundukulidwa pang'onopang'ono, anthu n'kubwera kudzaulemekeza. Sitipembedza mtengo ayi. Tikuthokoza Iye amene anafera pamtengopo. Potsiriza amagawa Ukaristia umene unasungidwa kuchokera Lachinayi, ndipo anthu amabalalika mwakachetechete. Inunso tulukani choncho. Musakayambire phokoso pakhomo.

Ana anga a CCAP, a Anglican, a Baptist, a Assemblies ndi a mipingo ina, musaganize kuti ndikulankhula ndi Akatolika okha. Mtanda ndi umodzi. Kwanu kuli mapemphero a tsikuli, kuli maulaliki a mawu asanu ndi awiri amene Yesu analankhula ali pamtanda, kuli misonkhano ya Pasaka. Amayi a Mvano amakhala atafika kale, akuluampingo atakhala kale. Mipando ya achinyamata ndiyo imakhala yopanda anthu. Idzazeni. Ndipo alipo anansi athu amene chipembedzo chawo sichisunga tsikuli. Pa Limbe tinakhala limodzi ndi Asilamu, Ahindu ndi ena kuyambira kale. Musawanyoze, musawatsekere njira mwamwano. Akuoneni ulemu wanu, adzalemekeza tsiku lanu.

Ndikudziwanso kuti si nonse mungatseke ntchito. Namwino sangasiye odwala. Mlonda sangasiye geti. Wogulitsa tomato pamsika akapanda kugulitsa, ana agona ndi njala. Mulungu amaona zimenezo. Koma ikakwana 3 koloko, imani pomwe mulipo. Tsitsani wailesi. Weramitsani mutu kwa kanthawi. Pa tsikulo musabere munthu pa sikelo, musakweze mtengo mwachinyengo, musatukwane wokwera. Kumeneko ndiye kusunga kwanu.

Musathere pa mapemphero okha. Maliro enieni amayanjanitsa abale. Ngati pali amene simulankhulana naye, pitani kwa iye Lachisanu lisanathe. Ngati muli ndi ngongole ya mnzanu imene mukuizemba, bwezani ngakhale pang'ono. Ngati munatenga foni ya mwini, ibwezeni. Akatolika, pitani mukalape sabata isanafike kumapeto, musadikire mzere wa tsiku lomaliza. Ku chipatala cha Gulupu kuli odwala amene abale awo ali kutali ku Nsanje kapena ku Phalombe, alibe wowabweretsera phala. Ku ndende ya Chichiri kuli anyamata a msinkhu wanu amene sanaonepo mlendo chiwatsekereni. Yesu anafa pakati pa akaidi awiri, ndipo mmodzi wa iwo ndiye anamva lonjezo la Paradizo. Panganani m'mphakati mwanu kapena m'gulu lanu la achinyamata. Sopo, shuga, ufa pang'ono. Mutu umodzi susenza denga.

Pali chifukwa china chimene ndikukukakamizirani kuti mumve nkhani ya Masautso chaka ndi chaka. Nkhaniyi imakuonetsani nkhope yanu. Yudasi anagulitsa mnzake ndi ndalama 30 zasiliva. Petulo anakana katatu chifukwa choopa mtsikana wantchito. Pilato anadziwa kuti munthuyo ndi wosalakwa, koma anasamba m'manja kuti ateteze mpando wake. Gulu linakuwa chifukwa ena analiuza chokuwa. Ana anga, ine ndimaopa gulu. Wina akangokuwa kuti wakuba pa depoti kapena pamsika, anyamata amathamanga ndi miyala, ena ndi matayala ndi petulo, osafunsa kuti waba chiyani, wamuona ndani. Nthawi ya kampeni ena amalandira kangachepe kuti akagende anzawo. Munthu amene waimirira maola awiri kumva mmene gulu linaphetsera wosalakwa, dzanja lake limalemera potola mwala. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Dziko lathu lomwe lino lili ndi umboni wa mphamvu ya nyengo imeneyi. Pa 8 Marichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi onse a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi, motsogozedwa ndi Arkiepiskopi James Chiona wa kuno ku Blantyre. Inanena poyera za malipiro ochepa, za kumanga anthu popanda mlandu, ndi za mantha amene anatseka anthu pakamwa. Maepiskopiwo anaitanidwa kupolisi ndipo anaopsezedwa. Pa Lachisanu Loyera la chaka chomwecho, Monsignor John Roche wa ku Mzuzu analamulidwa kutuluka m'dziko muno. Koma mawu anali atatuluka kale, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi anavota pa referendamu kusankha zipani zambiri. Ufulu umene muli nawo wolemba zimene mukufuna pa foni zanuzo unadutsira mu Lenti imeneyo. Anthu aja analimba mtima chifukwa anazolowera kuyang'ana mtanda osathawa.

Ndipo inu nomwe ndinakuonani. Mu Marichi 2023, Lenti ili pakati, namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja. M'dziko muno anafa anthu oposa 1,000, ndipo boma linalengeza masiku 14 olira. Amene anathamanga ndi makasu ndi mafosholo, amene anakumba ndi manja mvula ikugwa, amene ananyamula mitembo ndi kutengera zovala ndi ufa kwa othawira m'masukulu, ambiri anali achinyamata. Mtima muli nawo, ana anga. Lachisanu Loyera la chaka chimenecho linagwa pa 7 Epulo, manda akadali aawisi, ndipo palibe amene anafunika kuuzidwa chifukwa cholirira. Koma mtima wotere umafuna kuusamala. Ukausiya umauma. Tsiku limeneli linaikidwa kuti chaka chilichonse muphunzirenso kuima pafupi ndi wovutika, monga anaimira Maria amayi a Yesu, Maria wa ku Magadala ndi Yohane, pamene ophunzira ena anali atathawa. Sanathe kumutsitsa pamtanda. Sanathe kuletsa asilikali. Koma anakhalapo. Tsiku lidzafika pamene mnzanu adzataya mwana, kapena dokotala adzakuuzani mawu olemera okhudza amayi anu. Pamenepo simudzafuna nyimbo zovina. Mudzafuna kudziwa kukhala chete, kupemphera ndi kupirira. Zimenezo siziphunziridwa tsiku lomwelo. M'mera mpoyamba.

Ena mwa inu mumati, Yesu anauka kale, tilirirenji? Funso labwino, ndipo ndikuyankhani. Sitilira ngati osadziwa mathero. Timalira chifukwa machimo amene anamupachika akadali m'manja mwathu, ndipo anthu amene Iye anawatcha abale ake akuzunzikabe m'makwalala athu. Timaliranso kuti chimwemwe cha Lamulungu chikhale ndi muzu. Amene sanapite kumanda Lachisanu, uthenga woti manda ali pululu sumugwedeza mtima. Kwa iye Pasaka ndi mpunga ndi nkhuku basi. Dikirani. Loweruka usiku moto watsopano udzayatsidwa panja pa tchalitchi, kandulo ya Pasaka idzalowa, mabelu adzalira, ng'oma zidzagunda, amayi adzalulutira. Pamenepo vinani mpaka thukuta. Lolemba la Pasaka ndi lopuma, pitani kunyanja ngati ndalama zilipo, kachezereni abale kumudzi. Palibe amene akukulandani chisangalalo. Ndikungokupemphani kuti chilichonse chikhale pa nthawi yake.

Mwina mukuti tsabola wakale sawawa. Nenani, koma mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Ife amene tinkadziwa nyimbo za Masautso pamtima, amene tinkadziwa pogwada ndi poimirira, tikutha mmodzimmodzi. Makatekisiti akale ambiri anagona. M'makwaya mwatsala mawu ochepa odziwa nyimbo zachisoni zija. Tikapita tonse musanaphunzire, ana anu adzafunsa ndani? Choncho yambani chaka chino. Pitani kwa agogo anu, kwa katekisiti, kwa mkulu wampingo, muwafunse kuti akuphunzitseni nyimbo ndi mapemphero a tsikuli. Safunsa anadya phula. Dziperekeni kuwerenga Masautso, kusenza mtanda, kukonza njira, kutsogolera okalamba. Lachinayi usiku gonani msanga. Lachisanu m'mawa dzutsani mng'ono wanu, mumusambitse, mumugwire dzanja, mupite naye. Akakufunsani kuti lero kuli chiyani, mumuuze zonse monga ndakuuzirani inu, kuti nayenso adzakhale ndi chouza ana ake.